Udzu Wanga wa Kuseri kwa Njanji

Senderani kuno, ana inu, mphasayi ndi yaikulu. Iwe waima pakhomowe, lowa, usatitsekere mphepo. Utsi wa zinyalala za oyandikana nawo umene mukudandaula nawowu wandikumbutsa nkhani, ndiye tcherani khutu, poti mawu anga masiku ano safika patali.

Ndinabwera ku Kafue masiku a Chitaganya, ndili ndi mwana mmodzi kumbuyo. Agogo anu aamuna anali atatsogola, atapeza ganyu yonyamula matumba pa siteshoni ya sitima, ndipo ananditumizira mawu ku Nyasalande kuti ndiwatsatire. Kafue ya nthawi imeneyo si iyi ya mafakitale ndi nyumba zandandayi. Kunali siteshoni, masitolo owerengeka, mlatho wa sitima pamtsinje, kenako udzu. Udzu, ana inu! Ukaima pa njanji n'kuyang'ana kumadzulo, maso ankatopa udzu usanathe.

Antchito enieni a njanji anali ndi komboni yawo ya malata. Aganyu ngati agogo anu ankadzionera okha. Ife tinalowa m'nyumba ya mitengo ndi dothi imene mwini wake anaisiya popita kumigodi. Denga lake linali lakuda, lofumbwa, loti ukagona chagada umaona nyenyezi. Dzinja loyamba tinkangokhalira kukoka mphasa, uku mphika, uko beseni. Mwana wanga uja, wamkazi, anayamba chifuwa mvula ili pakati, ndipo chimanga chachiwisi sanachione. Sindinganene kuti linamutenga ndi denga, zimenezo adziwa ndi Mulungu. Koma nditazindikira kuti ndili ndi pakati pena, n'kuona kuti mwanayo adzafika pamodzi ndi mvula yoyamba, ndinadziuza mumtima kuti ameneyu sadzagona pansi pa denga lodontha.

Kwathu udzu wofolera uli ndi mwambo wake. Mvula ikamatha, mkazi amapita kudambo n'kusankha pamene pamera udzu wowongoka, wopanda zitsamba. Akatero amamanga mfundo kunsonga za udzu kuzungulira malo onsewo. Mfundo imeneyo ndiwe mwini wake waima pamenepo, palibe angalowetsepo zenga. Kenako umausiya udzu uja ukhwime, ugwetse njere, uume mpaka uzilira ukauthyola. Wofolera ndi udzu wauwisi amafolera chaka ndi chaka, chifukwa umaola. Moto wa tchire kwathu unkabwera mochedwa, dzuwa litapsa, aliyense atatuta mitolo yake.

Ndinachita zomwezo. Ndinaoloka njanji, ndinapeza malo okwererako pang'ono pafupi ndi chulu chachikulu, ndinamanga mfundo zanga. Amayi anzanga a kutchalitchi, ochokera kwathu komweko, nawonso anamanga zawo chakumunsi kwanga. Tinabwerera kunyumba mitima ili m'malo.

Nyumba yoyandikana ndi yathu munkakhala mayi wina wa kumtsinje kuno, wobadwira m'banja la asodzi. Ankagulitsa nsomba zouma kwa anthu a m'sitima, ndipo tonse tinkangoti amake mapasa. Anali wamfupi, wamawu aakulu, woseka mutu uli chagada. Chinyanja chake chinali chija cha m'tauni, chodukaduka, ndipo ine ankangonditi "iwe wa ku Nyasa". Masiku a maliro a mwana wanga ndiye ankanditungira madzi, osandifunsa.

Chisanu chitangoyamba kuluma m'mawa, kunabwera mesenjala wa ku Boma, wa chisoti chofiira, belu lili m'manja. Anaima pa mpopi pamene tinkatunga madzi, analiza belu lija mpaka agalu anakwiya.

"Mverani nonse! Mulilo waseguka!"

Kuno moto amati mulilo. Anafotokoza kuti amene akufuna kutentha tchire atenthe tsopano, mame akadagwa, udzu ukadali ndi uwisi kutsinde. Ayatse dzuwa litapendeka ndi mphepo itagona, osati masana. Asanayatse ayambe wauza onse oyandikana naye, ndipo pakhale anthu ogwira nthambi zaziwisi. Chisanu chikadzatha, iye adzabweranso ndi belu lomweli kudzatseka, ndipo woyatsa tchire pambuyo pake, kufikira mvula itagwa, akafotokoza yekha ku Boma.

Ine ndinamva zonse, koma ndinati ndi nkhani ya ofuna kutentha. Ine sindinkafuna kutentha kalikonse. Ndinasenza ndowa yanga n'kumapita.

Madzulo agogo anu ankasewera nsolo ndi anzawo pansi pa mtengo, ndipo nkhani inali yomweyo. Masiku amenewo chilichonse chochokera ku Boma amuna ankachinunkhiza kaye.

"Ndi Chitaganya chimenechi," anatero agogo anu. "Kwathu anayamba ndi kutiuza kalimidwe. Kuno afika pa moto. Mawa atiuza nthawi yoyetsemula."

Anzawo anaseka, nsolo inapitirira.

Patapita masabata angapo kunafika mlendo pakhomo pathu. Anali nkhalamba yaitali, yovala chijasi chausilikali chothaitha, mwini ng'ombe zimene ndinkaziona zikudya kuseri kwa njanji. Anthu ake anali m'dziko lino njanji isanabwere. Iye Chinyanja ankachimva koma sankafuna kuchiyankhula, ndiye anabwera ndi amake mapasa kuti amasulire. Ndinawayalira mphasa, ndinagwada potero.

"Ba shikulu akuti abwela kukuuza monga mwa lamulo," anatero amake mapasa. "Sondo ikapita azatentha dambo ija ya kuseli kwa njanji."

Ndinafunsa msanga, "Dambo lake liti? Muli udzu wanga mmene muja. Ndinamanga mfundo."

Amake mapasa anamasulira. Nkhalamba inandiyang'ana, inayang'ana mimba yanga, inakweza maso kudenga. Kenako inayankhula nthawi yaitali, mofatsa.

"Akuti mfundo zako anaziona, ni zokongola. Koma ng'ombe zao zayamba kuonda, zifuna msipu. Akatentha manje, mulilo uyenda pansi-pansi, mitengo siifa, msipu uphuka. Akayembekeza iwe, belu izalila, ndiye basi, sangatenthe. Mauzu yonse yaja yazaimilila youma mpaka kukapya, sitima izalavula kamulilo kamozi chabe, ndiye tizapya tonse, ng'ombe, manyumba, na iwe wamene."

"Auzeni kuti udzu sunakhwime. Ndikaumweta lero uola."

"Akuti aziba. Akuti ni chifukwa chake abwela kukuuza, sanatume munthu."

Nkhalamba inanyamuka, inaomba m'manja pang'ono, inapita nyumba yotsatira.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinawauza amayi anzanga. Mkulu pakati pathu anali mkazi wa mkulu wa mpingo, mayi wodekha, amene anasambitsa mtembo wa mwana wanga ndi manja ake. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Mwana wanga, usadzivute, uli ndi pakati. Kwa ifenso anabwera. Munthu wamkulu ngati uja sangaone mfundo n'kuyatsa moto. Akungofuna tifulumire. Chaka chatha tinkamweta kutsidya kwa mlatho, kuno sitikudziwa, koma mfundo ndi mfundo kulikonse."

Wina anati, "Akayatse aone ngati ng'ombe zakezo zidzabereke."

Tinaseka tonse, inenso ndinaseka, koma mtima sunakhale pansi. Nkhalamba ija siinkaoneka ngati munthu woopseza. Inayankhula ngati munthu amene akukuuza kuti kunja kukubwera mvula.

M'mawa mwake ndinatenga zenga, ndinati ndingomweta, wauwisi womwewo, kusiyana ndi kutsala chimanjamanja. Udzu wosakhwima ndi wolemera, ana inu, ndipo umakana zenga. Dzuwa lisanafike pamutu msana unali utandigwira, mwana akugunda m'mimba, mitolo ili yoti nkhuku ingaseke. Ndinakhala pansi patsinde pa chulu. Pamenepo ndi pamene anandipeza amake mapasa, akuchokera kumtsinje, dengu la nsomba lili pamutu.

"Ati shani, uli bwanji, wa ku Nyasa? Ufuna kubalila mu dambo?"

"Ndisiyeni, amake mapasa."

"Nikusiye? Na mimba iyo uzamweta mpaka liti?" Anatula dengu, anayenda kuzungulira udzu wanga akuugwiragwira. "Mauzu yabwino aya. Maso uli nayo, nzelu ndiye unasiya kwanu. Mulilo siuziba mfundo, iwe. Mulilo uziba chintu chimozi: pamene wadya kudala, siubwelelapo."

Anandifotokozera mmene anthu a kumtsinje amatetezera misasa yawo ya nsomba. Umalambula ndi khasu kanjira kuzungulira chimene ukufuna chitsale. Kenako umalambula kanjira kena chakunja kwake, kutalika ngati anthu awiri atagona motsatizana. Udzu wa pakati pa tinjira tiwiriti umautentha wekha, pang'onopang'ono, mphepo itagona. Moto waukulu ukadzafika umapeza phulusa, n'kusowa chodya.

"Ndiyatse moto ine, pafupi ndi udzu wanga?"

"Iwe wamene. Manje ni nthawi yake, mulilo ni woseguka. Koma uyambe wauza ba shikulu. Lamulo ni imozi, ya ng'ombe na ya mimba."

Choncho ine, amene dzana ndinkakana moto wa nkhalamba, ndinapita kukhola kwake kukagwada n'kuiuza kuti ndikufuna kutentha. Amake mapasa asanamalize kumasulira, nkhalamba inayamba kuseka, kuseka mpaka kutsokomola. Inati idikira kuti ndimalize zanga, ndipo ibwera yokha kudzagwira nthambi.

Agogo anu ndiwo anavuta. "Amake mwana, mukufuna mundimangitse? Mkazi wa mlendo kuyatsa moto pafupi ndi njanji! Ganyu yanga ithera pomwepo."

"Belu lija munalimva, bambo. Ino ndiyo nthawi yololedwa."

"Belu la Chitaganya."

"Denga lodonthali ndi la Chitaganya kapena ndi lathu?"

Anangodya nsima yawo. Koma mawa lake ataweruka anabwera ndi makasu awiri obwereka, ndipo sananene kuti awatenga kwa yani.

Kulambula kunatitengera madzulo angapo. Mizu ya udzu wa m'dambo ndi yolimba ngati waya. Agogo anu ankalima kutsogolo, ine ndi amake mapasa tikukokera zinyalala kunja. Amayi a kutchalitchi ankadutsa popita kukatola nkhuni n'kumatifunsa ngati tayamba munda wa chisanu. Ndinawauza chimene tikuchita, ndinati tikhoza kukulitsa njira kuti ilowetse ndi udzu wawo womwe, akabwera ndi makasu. Mkazi wa mkulu wa mpingo anapukusa mutu.

"Moto sauitana, mwana wanga. Ukauitana umabwera ndi abale ake."

Tsiku loyatsa, tinadikira mpaka dzuwa linafiira ndipo nsonga za udzu zinaleka kugwedera. Nkhalamba inanyowetsa chala, inachikweza m'mwamba, inagwedeza mutu kuvomera. Aliyense anali ndi nthambi yaiwisi. Amake mapasa anapota kamtolo ka udzu wouma, anakayatsa, anandipatsa ine.

"Mauzu ni yako. Yasha."

Ndinakalandira. Kwathu mkazi sayatsa tchire, ndi ntchito ya amuna osaka. Ndinagunditsa muuni uja pansi, moto unagwira, unayamba kuyenda ngati mwana wokwawa, ukulira thethethe. Ukayandikira kanjira tinkaumenya ndi nthambi, n'kuyatsanso patsogolo. Utsi wake unali woyera, wonunkhira uwisi, wolowa m'maso. Tinayenda nawo choncho mbali zitatu, ndipo mantha anayamba kundichoka.

Pa mbali yotsiriza kamphepo kanadzuka kuchokera kumtsinje, kosayembekezeka. Ndinangoona lawi latsamira, ladumpha kanjira ka m'kati, lagwira udzu wanga. Mawu ake anasintha nthawi yomweyo, kuchoka pa thethethe kufika pa mkokomo. Agogo anu analumphira momwemo akumenya ndi nthambi, nthambi inathyoka, anayamba kupondereza ndi khasu. Nkhalamba inavula chijasi chake chija n'kumachimenyetsa pansi, ikukalipa m'chinenero chake, amake mapasa akukuwa, "Ku chulu! Muupingile ku chulu!" Anaukankhira kuchulu kumene udzu unali wochepa, ndipo kumeneko unafa. Kamphepo kaja nakonso kanagona, ngati sikanachite kanthu.

Ngodya imodzi ya udzu wanga inapita. Agogo anu nsidze zinawauka, ndipo kwa mwezi wathunthu anzawo a pa nsolo ankawatcha mbuzi yowamba. Chijasi cha nkhalamba chinabooka pamsana. Inachiyang'ana, inalowetsa dzanja pabowo, inachivala chomwecho.

Moto waukulu unayatsidwa patangopita masiku ochepa. Tinakaonerera titaima pa mtumbira wa njanji, ife ndi amayi a kutchalitchi, amene mpaka nthawi imeneyo ankati sizichitika. Nkhalamba ndi abale ake anayatsa kuchokera kumunsi. Moto unabwera mzere umodzi wautali, wosapitirira m'chiuno, akabawi akuzungulira pamwamba kudikira ziwala. Unadya udzu wa anzanga, mfundo ndi mfundo zomwe. Utafika pa lamba wathu wakuda uja unachita ngati ukufunafuna, uku ndi uku, kenako unagawikana pawiri n'kupitirira. Kutacha dambo lonse linali lupsa, kupatula udzu wanga, utaima wokha ngati tsitsi losiyidwa paliwombo pa mwana.

Ndinasangalala, sindinama. Koma chisangalalo chokhala nacho wekha pakati pa anzako sichikhalitsa.

Palibe anaba ngakhale kaudzu kamodzi, ngakhale unali poonekera kwa aliyense. Anthu a kwathu mwambo anausunga. Chimene anachita ndi kubwera kudzacheza. Mmodzi lero, wina mawa, kufunsa za mimba, kenako n'kutchula kuti kwawonso kukudontha. Wotsiriza kubwera anali mkazi wa mkulu wa mpingo. Sanazungulire.

"Tinalakwitsa, mwana wanga. Ndili ndi adzukulu awiri m'nyumba muja, ndipo pamene amagona ndi pomwe pali poipa. Ukakana sindikuda."

Ndinayang'ana manja ake ali pamaondo. Ndinawauza kuti ndiyankha mawa.

Amake mapasa anati ndisapatse munthu. "Unawaitana na makasu, anakana. Manje afuna kudya thukuta yako? Mwana wako azagona pa mvula chifukwa cha nsoni?" Agogo anu anati nkhani za udzu ndi za akazi, koma anayenda kuzungulira nyumba akuyeza denga ndi maso, ndipo pobwera anati udzu wotsalawo, wonse, ungakwane nyumba yathu mongokwanira. Ukachotsapo, mbali ina itsala.

Ndinaganiza tsiku lonse ndikusinja. Chimene ndinalumbira chinali chakuti mwana asagone podontha. Sindinalumbire za ufa, kapena nkhuni, kapena za ife akuluakulu. Mwana amagona malo ochepa. Ndiye ndinawauza amayi aja kuti udzu ukakhwima adzabwere ndi mazenga tidzamwete pamodzi, ine ndidzayamba ndatenga wokwana mbali yogona, wotsalawo adzagawane.

Belu lotseka linalira chisanu chitatha, mphepo ya fumbi itayamba. Udzu wanga unali utafika pouma bwino, wofiirira, wolira pothyola. Amayi aja anamweta, ine mimba inali itakula moti ndinkangomanga mitolo nditakhala pansi. Pozungulira ponse msipu unali utaphuka pa lupsa paja, ng'ombe za nkhalamba zikudya mitu ili pansi. Tsiku lina nkhalambayo inadutsa pomwepo, ndipo ndinapempha amake mapasa aifunse ngati lamulo la motoli linabwera ndi azungu, monga ankanenera amuna athu. Inati makolo ake ankatentha nthawi ya mame kuyambira kale, chifukwa cha ng'ombe. A Boma anangobweretsa belu ndi ndende.

Mawu amenewo ndakhala nawo zaka zonsezi. Kwathu tinkatentha mochedwa ndipo tinali ndi zifukwa zathu, minda ndi nyama za m'tchire. Kuno ankatentha msanga, ndi zifukwa zawonso. Ife tinabwera ndi mwambo wathu pamutu ngati mtolo, tinautula m'dziko la eni, n'kumayembekeza kuti dzikolo liudziwa. Ndipo poti lamulo linabwera ndi chisoti chofiira, amuna athu analida asanalimvetse. Mwina akanakhala kuti anatiuza ndi munthu wovala chijasi chobooka, pansi pa mtengo, tikanamva msanga. Kaya. Iyenso anabwera pakhomo n'kutiuza, koma ambiri sitinamve.

Mwezi wotentha uja, mvula ili pafupi, moto unabuka kumapiri a ku Shimabala, kumene tchire lina linatsala losatentha. Ankati anayatsa ndi osaka mbewa. Utsi wake unali wakuda, unaphimba dzuwa, ndipo phulusa linkagwera m'ndowa zathu kuno. Mitengo ya kumeneko inaima yakuda zaka zambiri. Kuno kuseri kwa njanji kunalibe choti chipse.

Agogo anu anafolera mbali yogona Loweruka lina, mokhuthala, akumanga ndi luzi mzere ndi mzere. Mbali ya ufa ndi mapoto anangoigamba ndi udzu wakale umene anasasula. Mvula yoyamba inagwa masana, yamphepo, yamatalala. Ndinakhala pamphasa ndikuyang'ana m'mwamba mpaka inakata. Kumbali ya mapoto kunali chithaphwi. Pamphasa panga panali pouma. Sabata lomwelo anabadwa atate ako, iwe wakhala pakhomowe, ndipo dzinja lonselo sanatsokomole.

Nkhalamba ija inamwalira Chitaganya chisanathe, ng'ombe zake ana anapita nazo kutali, tauni itayamba kukula. Mesenjala wa belu sindinamuonenso dziko litalandira ufulu, ena ankati anabwerera kwawo kukalima. Mkazi wa mkulu wa mpingo anapita ku Malawi amuna ake atapuma ntchito, ndipo ankanditumizira moni kudzera mwa apaulendo mpaka moniyo inaleka kubwera. Agogo anu analembedwa ntchito yeniyeni pa njanji patapita zaka zingapo, tinalowa m'nyumba ya malata, ndipo anagona kumanda a kuno komwe, inu musanabadwe. Amake mapasa anakalamba akugulitsabe nsomba pa siteshoni. Mapasa ake mmodzi ali ku Lusaka, wina ndi uja amabwera ndi nsomba pa njinga Lachisanu, amene mumamuti amalume osadziwa kuti ubale wake unachokera pati.